Kulongedza Zobvala za Ulendo wa Kumudzi

Masukulu a m'Zambia amatsekera kumayambiriro kwa mwezi wa December, ndipo ana sabwereranso m'kalasi kufikira January. Pa masabata amenewa mabanja ambiri okhala ku Lusaka, ku Kabwe ndi ku matauni a ku Migodi amanyamuka kunka kwao, kukaona agogo ndi kukadya nao Khirisimasi. Ana amayesa kuti ulendo uyamba pamene basi icoka pa siteshoni. Koma mai wa ana ang'ono adziwa kuti ulendo uyamba kutatsala masiku atatu kapena anai, pamene iye ayala mphasa m'nyumba, natulutsa zobvala zonse za ana ace, nakhala pansi kuti asankhe zotenga ndi zosiya.

Nchito imeneyi ioneka yopepuka, koma yagonjetsa anthu ambiri. Wina atenga zonse ziri m'nyumba, nafika pa siteshoni ndi katundu wosanyamulika, khanda liri kumbuyo, mwana wina ali kudzanja. Wina atenga zocepa, ndipo tsiku lacitatu lisanathe mwana wace alibe couma cobvala, angokhala pa khonde kunjenjemera. Onse awiriwa alakwa pa cinthu cimodzi. Sanayambe adzifunsa kuti, "Kodi tidzapita m'dziko lotani, pa nyengo yotani, ndipo cobvala cocapidwa cidzauma patapita masiku angati?"

Mafunso amenewa amveka bwino poyang'ana ulendo umodzi. Pali banja la ku Lusaka limene kwao ndi ku mudzi wina pafupi ndi Chipata. Liri ndi ana atatu: mtsikana wa zaka 11 amene ali pa sukulu, mnyamata wa zaka 4, ndi khanda la miyezi 8. Afuna kukakhala kumudziko masabata atatu.

Kucokera ku Lusaka kufika ku Chipata pali makilomita ngati 570, pa mseu waukulu wa kum'mawa wochedwa Great East Road, ndipo basi iyenda maora 8 kapena 9. Lusaka ali pamalo okwera, mamita oposa 1,200 pamwamba pa nyanja yamcere, cifukwa cace m'mamawa, pamene anthu akwera basi, kamphepo kamakhala kozizira ngakhale m'mwezi wa December. Atapitirira Chongwe ndi Rufunsa, mseu uyamba kukhota-khota m'mapiri, nutsika kufikira pa ulalo wa Luangwa, umene unamangidwa m'caka ca 1968. Pamenepo basi yatsika mamita 800 kapena kuposa. Tsono mpweya uli ndi khalidwe lace: munthu akatsika mamita 1,000 kutentha kumakwera ndi madigiri ngati 6. Ndico cifukwa cace cigwa ca Luangwa citentha koposa. M'mwezi wa October kutentha kumeneko kumafika madigiri 40 ndi kupitirira. Basi ikaoloka mtsinje ikweranso mapiri, nipita pa Nyimba, Petauke, Sinda ndi Katete. Pofika madzulo mitambo yakuda yasonkhana, mvula ya mabingu igwa, ndipo mwana amene anali kucita thukuta masana atsika ku Chipata alikumva kuzizira.

Motero pa tsiku limodzi mwana apita m'nyengo zitatu. Palibe cobvala cimodzi cimene cingayenere zonsezo. Nzeru yace ndiyo kumbveka zobvala zopepuka ziwiri kapena zitatu, cina pamwamba pa cinzace, kuti zibvulidwe ndi kubvalidwanso monga nyengo isintha: malaya opyapyala m'kati, ndi juzi yotsegula kutsogolo pamwamba. Juzi yolowetsa kumutu ibvuta m'basi, momwe munthu alibe malo otambasulira mikono.

Pa khanda ndi pamene amai ambiri acimwa cifukwa ca cikondi. Poopa mphepo alibveka cipewa ca ubweya, masokosi, juzi ziwiri, nalikulunga m'bulangete, ndipo likhala cikulungire kucokera ku Lusaka mpaka ku Luangwa. Thupi la khanda silitha kudziziziritsa msanga monga la munthu wamkulu. Likatenthedwa lilira kosatonthola, lituruka tiziphuphu tofiira m'khosi ndi m'khwapa, ndipo madzi acepa m'thupi mwace, cimene ciri coopsya kwa mwana wamng'ono cotere. Mai wocenjera aika dzanja lace kumbuyo kwa khosi la mwana. Akapeza kuti kuli thukuta acotsa cobvala cimodzi, osasamala mau a anzace a pampando akuti, "Amai, mwanayo mumfunde, adzadwala."

Cikwama cacikuru cikalowa m'mimba mwa basi siciturukanso kufikira ulendo utatha. Amene waika matewera onse m'menemo adzaona tsoka asanafike pa Chongwe. Cifukwa cace pafunika kacikwama kena ka m'manja, kokhala pa miyendo ya mai kapena pansi pa mpando. M'menemo mulowa matewera okwanira tsiku lonse, zosintha ziwiri za khanda, kabudula ndi malaya a mnyamata, kansaru konyowa kopukutira manja ndi nkhope, ndi thumba la pulasitiki losungiramo zakuda. Ana ang'ono ambiri amasanza pa makhota a mseu wa m'mapiri, ndipo pa Luangwa, pamene basi iima kuti anthu agule nsomba zouma ndi nthoci, sipalephera mwana wodzithira cakumwa pacifuwa. Mai yemwe aikemo bulauzi yace imodzi, pakuti zimene zigwera khanda zigweranso wolinyamula.

Tsono funso lalikuru ndi ili: zobvala zingati? Munthu wosazolowera awerenga masiku. Anena kuti masabata atatu ndiwo masiku 21, ndipo ana atatu adzafuna zosintha 63. Katundu wotere afuna ngolo. Koma kumudzi kuli madzi ndi sopo monga kutauni, ndipo cobvala cibvalidwa, cicapidwa, cibvalidwanso. Coyenera kuwerenga si masiku a ulendo iai, koma masiku amene cobvala citha pa cingwe.

M'cilimwe, pamene mpweya uli wouma, malaya ocapidwa m'mawa auma dzuwa lisanafike pamutu. Pa nyengo imeneyo mwana akwanira ndi zosintha zitatu: cina pathupi, cina pa cingwe, cina m'cikwama. Koma December ndiyo nthawi ya dzinja. Nsaru iuma pamene mpweya utenga madzi ace. Tsono mpweya wa dzinja wakhuta kale madzi, ndipo ulandira ena pang'ono-pang'ono. Mvula ikagwa yamvumbi, cobvala cikhoza kukhala masiku awiri pansi pa khonde cisanaume. Cifukwa cace mtsikana wa zaka 11, amene adziwa kudzisamala, atenge zosintha zinai. Mnyamata wa zaka 4 afuna zisanu kapena zisanu ndi cimodzi, pakuti iye akafika kumudzi ayamba nchito yace ya kuumba ng'ombe zadothi ndi kutsata abakha m'zithaphwi. Ndiponso iyi ndiyo nyengo ya mango. Madzi a mango atsika m'cigongono mpaka m'malaya, ndipo utomoni wa pa phesi lace usiya banga lakuda limene sopo salicotsa. Ndi bwino kupatula malaya awiri akale, kuti akhale a mango ndi matope okha-okha.

Khanda ndilo laling'ono mwa onse, koma katundu wace aposa wa onse. Linyowetsa matewera 6 kapena 8 pa tsiku. Ngati matewera ansaru atha masiku awiri pa cingwe, mai ayenera kukhala nao ngati 20, kuti ena akhale ouma pamene ena alikuyanikidwa. Matewera ogula otaya apeputsa nchito pa tsiku la ulendo, koma kumudzi kulibe galimoto yotola zinyalala, ndipo iwo saola msanga. Akatayidwa kuchire, agaru ndi nkhumba awakokera pabwalo. Mai amene awagwiritsa nchito afunse eni mudzi za dzenje lowakwiriramo.

Mtundu wa nsaru nawo uli ndi kanthu. Nsaru ya thonje, mbeu yomweyo imene alimi a ku Katete ndi ku Chipata alima m'minda mwao, imwa thukuta, nilola mphepo kupita pakati pa ulusi wace. Thukuta likauma thupi lizizira. Nsaru za nailoni ndi zinzace zopangidwa ndi mankhwala ziuma msanga, ndipo pa cimeneci zithandiza m'dzinja, koma zisunga kutentha pakhungu. Ziri ndi coipa cinanso cimene anthu a m'tauni aiwala. Kumudzi ana akhala pafupi ndi moto madzulo, kuocha cimanga ndi kumvera nthano. Nailoni ikakhudza moto isungunuka ndi kumamatira pakhungu, ndipo bala lace likhala lakuya. Diresi lanailoni lotambalala m'munsi siliyenera kamtsikana kothamanga-thamanga kukhichini. Mathalauzi okhuthala a jini, amene anyamata awakonda, alemera m'cikwama, amwa madzi ambiri pocapa, ndipo ndiwo otsiriza kuuma. Limodzi likwanira.

Za mtundu wa utoto, nsaru yoyera ibweza kutentha kwa dzuwa ndipo yakuda ikumwa. Koma yoyera igonja msanga ku dothi lofiira la kum'mawa. Zamawanga-mawanga zibisa zambiri. Amene kwao ndi m'cigwa mweni-mweni, kufupi ndi nkhalango za nyama, apewe zakuda ndi zabuluu wakuda, pakuti mitundu imeneyi iitana kashembe.

Pali mdani wina wa m'dzinja amene ana a m'tauni ambiri samdziwa kufikira atakomana naye. Ndiye nchenche ina yofiirira, yokulirapo pang'ono kuposa nchenche ya m'nyumba, imene pa Cingelezi ichedwa putsi fly. Nchenche imeneyi siluma munthu. Iikira mazira ace pa mcenga wa pamthunzi pamene pali mkodzo, ndiponso pa zobvala zacinyezi, makamaka zoyanikidwa pansi kapena pa zitsamba, ndi zimene zikali ndi pfungo la thukuta kapena la mkodzo. Mazirawo ndi ang'ono-ng'ono, osaoneka msanga ndi maso. Patapita masiku awiri kapena atatu aswa timphutsi, ndipo timeneti tidikira m'nsaru. Mwana akabvala cobvalaco, kamphutsi kamva kufunda kwa thupi, nikaboola khungu mosapweteka, nikakhala m'menemo. Pamalopo patupa ngati cithupsa cokhala ndi kabowo pakati, kamene mphutsiyo ipumira. Ikula kwa masiku 8 kufikira 12, ndipo masiku onsewo mwana amva kuyabwa ndi kulasa, makamaka usiku. Khanda likhoza kukhala ndi zithupsa zotere khumi pamsana ndi m'matako, zocokera ku thewera limodzi.

Cithupsa cotere asacicheke ndi lumo, kapena kucifinya mwamphamvu, pakuti mphutsi ikaphwanyikira m'kati bala licita mafinya. Akuru amata mafuta a Vaseline pa kabowoko kuti mphutsi isowe mpweya ndi kusuzumira kunja, ndipo pamenepo ituruka ndi kukanikiza pang'ono m'mbali. Zikacuruka, kapena zikakhala pa khanda, mwanayo apite naye kucipatala. Koma kupewa kwace n'kwapafupi. Nchenche imeneyi siikira pa dzuwa lowala, ndipo mazira ace afa ndi kutentha kwa nsimbi. Cifukwa cace zobvala ziyanikidwe pa cingwe, poyera, ndipo ciri conse cokhudza thupi cisitidwe mbali zonse ziwiri, m'misoko momwe: malaya, zam'kati, matewera, nsaru zogonera ndi matawelo. Apa ndi pamene pali cifukwa ca kuika m'cikwama zinthu ziwiri zimene siziri zobvala: cingwe ca mamita angapo, ndi zopanira zobvala. Nsimbi yamakala ilemera. Ndi bwino kufunsiratu kwa agogo ngati iripo pamudzi. Nsimbi yamagetsi ikhoza kuyenda makilomita 570 ndi kukagona pa alumali masabata atatu, ngati nyumba ya agogo iribe magetsi.

Dzuwa likalowa pafika mdani waciwiri, ndiye udzudzu. Udzudzu wopatsa malungo uluma kuyambira madzulo kufikira m'bandakuca, ndipo ucuruka m'dzinja cifukwa uswana m'madzi oima. Malungo ali ambiri m'midzi ya kum'mawa kuposa pakati pa mzinda wa Lusaka, ndipo mwana wobadwira m'tauni, amene thupi lace silinazolowere kulimbana nao, agwidwa kolimba. Ana osafika zaka 5 ndiwo ali pangozi koposa. Motero, ngakhale kutenthe, mwana ali yense akhale ndi cobvala cimodzi copepuka ca manja atali ndi thalauzi lofika m'mapazi, zobvala pa nthawi ya cakudya camadzulo. Ndipo neti yonyikidwa m'mankhwala ilowe m'cikwama zinthu zina zonse zisanalowe. Alendo asayembekeze kuti agogo adzawapatsa yao, cifukwa agogo, mwa ulemu wao, adzaipereka ndithu, iwo eni nagona pa udzudzu.

Nsapato zikwanira mapeyala awiri: zolimba zoyendera, ndi zapulasitiki zosaopa madzi. Zatsopano zisayambe kubvalidwa pa tsiku la ulendo, pakuti mapazi atupa m'basi ndipo zidzaluma. Ana akonda kuponda pansi akafika kumudzi, koma m'dothi lonyowa la kuseri kwa nyumba mukhala tiana ta njoka za m'mimba timene tilowa m'thupi kupyolera pakhungu la phazi. M'mawa nsapato zigugudidwe zisanabvalidwe. Zinkhanira zikonda malo amdima otere. Juzi imodzi kwa mwana ali yense, cipewa ca dzuwa, ndi ambulera imodzi yaikuru ya banja lonse, zatha.

Koma cobvala coposa zonse pa ulendo ndico citenje. Nsaru imodzi yomweyo ya mamita awiri ibereka khanda, iyalidwa pansi podikira basi, ichinga dzuwa pa zenera, ifunda mwana wogona, ipukuta wosamba, ndipo pobwerera imanga mtolo. Siilemera, ndipo iuma msanga kuposa thawelo. Mai atenge zitatu kapena zinai, kuwonjezapo cimodzi catsopano, cosacapa, copita naco kwa agogo akazi. Pakuti munthu safika kwao cimanja-manja.

Zosankha zikatha, patsala kulongedza, ndipo apa mwana wa sukulu ali ndi gawo lace. Mtsikana uja wa zaka 11 atenga pensulo ndi pepala la m'kope lakale, nalemba dzina la mwana ali yense ndi ciwerengero ca zobvala zace. Ayang'ana mabatani ndi misoko, ndipo cong'ambika cisokedwa tsiku lomwelo. Kabowo kocoka ku Lusaka kangati nsawa kabwerako kangati dzanja. Singano, ulusi ndi mabatani ocepa zikulungidwa m'kansaru. Zobvala za mwana mmodzi ziikidwa pamodzi m'thumba lace-lace kapena m'citenje cace, kuti pofuna kabudula wa mnyamata usiku, ndi nyali ya m'manja, munthu asafukule cikwama conse. Zolemera, monga nsapato ndi sopo, zikhala pansi. Malaya ndi makabudula akapindidwa mozunguliza ngati mphasa atenga malo ocepa, ndipo sakwinyika kwambiri. M'kati mwa cikwama muyalidwe pulasitiki yaikuru, cifukwa katundu atsitsidwa pa matope, ndipo ulendo wocokera ku Chipata kunka kumudzi ukhoza kukhala wa pa njinga kapena pa ngolo, mvula irikugwa. Matumba apulasitiki amenewa asasiyidwe pamene khanda lingawafikire, pakuti likadziphimba nao kumutu lilephera kupuma. Ndipo cobvala cacinyezi cisatsekeredwe m'pulasitiki kupitirira tsiku limodzi. Cicita cuku, ndi madontho akuda amene sacoka.

Yunifomu ya sukulu siipita kumudzi. Icapidwa, isitidwa, nisungidwa kunyumba kudikira January.

Zobvala za Khirisimasi ziri ndi nkhondo yace. Mnyamata akaona malaya ace atsopano alikulowa m'cikwama ayamba kudandaula kuti, "Amai, ndibvale lero, agogo akandione." Mai ayankha kuti, "Iai mwanawe, agogo adzakuona pa tsiku lace." Akadambveka, malayawo akadafika ku Chipata ali ndi mafuta a nsomba za pa Luangwa. Cifukwa cace zatsopano zikulungidwa pa zokha, ziikidwa pakati pa cikwama, ndipo zituruka m'mawa wa pa 25 December, popita ku chalichi. Cobvala cabwino cimodzi cikwanira mwana ali yense. Mwana wa m'tauni wosintha madiresi okongola tsiku ndi tsiku pamaso pa asuweni ace, amene ali ndi awiri okha, apeza kuti anzace amuyang'anira patali, ndipo masewera apita popanda iye. Makolo ambiri amaika pa mtolo wapadera zobvala zimene zawacepera ana ao koma zikali zolimba, nazipereka kwa agogo m'nyumba, mwakacete-cete, kuti iwo agawe monga adziwira ana a pamudzi.

Mtolo umenewo ukacoka, m'cikwama mutsala malo, ndipo malowo ali ndi nchito. Kutatsala masiku awiri kuti abwerere, zobvala zonse zicapidwa, kuti zipeze nthawi ya kuuma ndi kusitidwa. Zocapa usiku wotsiriza zifika ku Lusaka zikununkha. Mtsikana aturutsa pepala lace lija, nawerenga mokweza, mai alikuloza cimodzi-cimodzi. Kawiri-kawiri pasowa sokosi imodzi ndi cipewa ca mnyamata, cimene cipezeka pa nthambi ya mtengo wa mango kapena m'khola la mbuzi. Pamene iwo alikufuna-funa, agogo afika ndi zao: ufa woyera m'thumba, nsawa zimene anasunga kucokera pa kukolola, mfutso wa m'cikwatu, ndi mango osankhidwa akali olimba kuti akapsere kutauni. Zonsezi zifuna malo, ndipo mango asagone pamodzi ndi zobvala. Nkhuku yokha ndiyo iyenda kunja kwa cikwama, itamangidwa miyendo ndi luzi, mutu uli kunja kwa dengu.